Kaphukusi Kamene Unasiya Pansi pa Nkhokwe

Nathenje,
Lachinayi madzulo.

Malita mwana wanga,

Ndakhala pansi kulemba chifukwa ndikudziwa mmene zinthu zidzayendere mawa. Azakhali ako adzalira, abambo ako adzakhala akuyang'ana wotchi ngati ndiwo oyendetsa ndegeyo, ndipo ine ndikadzati nditsegule pakamwa padzangotuluka zakuti usaiwale juzi. Choncho zakumtima ndaziika papepala. Uwerenge m'mawa usanatseke sutikesi. Ndikubwereza, usanatseke.

Choyamba dziwa kuti ndikukunyadira. Ndaphunzitsa Sitandade 3 zaka zonsezi, ndipo ndaona atsikana anzeru ambiri akuthera m'zigafa za fodya ndi m'maukwati a msanga. Iwe boma lakusankha kuti ukaphunzire za mankhwala kutsidya kwa nyanja. Masiku ano ndikamadutsa pamsika pano pa Nathenje ndimayenda ngati munthu amene wagula lole, moti amayi ogulitsa tomato ayamba kundikwezera mtengo.

Malangizo ang'onoang'ono ndithane nawo msanga. Khadi la chipani likhale m'chikwama cham'manja kufikira ndege itanyamuka. Akuti kumeneko atsikana amavala mathalauza. Kukazizira vala, koma pobwera uwasiye komweko. Polemba kalata uzinena za sukulu, za nyengo ndi za zakudya, pakuti ukudziwa kuti makalata ochokera kunja amafika kuno maso ena atadutsamo kale. Tchalitchi usasiye. Za anyamata tinakambirana kale, ndipo mmene unandiyang'anira tsiku lija sindibwerezanso.

Tsopano nkhani imene yandikhazika pansi. Lamlungu lapitali, titapita kumudzi ku Mitundu kukatsanzika, amalume ako a Lufeyo anakupatsa kaphukusi kokulunga m'chigamba cha thumba la feteleza, komanga ndi luzi. Unagwada n'kulandira ndi manja awiri monga ndinakulerera. Koma ponyamuka kupita kokakwerera basi, m'manja mwako munalibe kanthu. Ndinabwerera ngati ndaiwala mpango, ndipo ndinakapeza pansi pa nkhokwe, kuseri kwa mtondo. Sindikukukalipira. Ndikudziwa zimene unaganiza: mtsikana wopita kukaphunzira sayansi kwa azungu, m'sutikesi muli mizu ya kwa sing'anga, anzake adzati chiyani? Kaphukusiko ndinabwera nako, kali pano. Amalume ako sakudziwa kuti unakasiya, ndipo iwenso sukudziwa chifukwa chimene anakupatsira, popeza iwo pakamwa ndi polemera ndipo anangoti ukakaone kusukulu. Ndiye ndikuuze ine.

Manyazi akowo ndinayamba kuwavala ndine, ndipo anandikwana bwino kuposa iwe. Nditangochoka ku koleji ya aphunzitsi n'kupatsidwa nyumba ya malata pano, ndinawauza achimwene anga omwewo kuti akamabwera kudzandiona, thumba lawo la mizu azilisiya kunja kwa mpanda wa sukulu. Anachita monga ndinanenera. Ankafika pa njinga kuchokera ku Mitundu atatuwa ndi fumbi, n'kukoloweka thumbalo pa mtengo wa mkuyu uli pamsewu, ndiye n'kulowa m'nyumba manja lende ngati mlendo. Ndinkadziona wotsogola kwambiri. Tsiku lina ndikuwaperekeza ndinapeza pansi pa mkuyuwo pali mzere: akazi a ahedi, mkulu wa mpingo wathu, ndi wapolisi atavala yunifolomu, aliyense akuyang'ana kumbali ngati akudikira basi. Pasukulu ponse wamanyazi ndinali ine ndekha, ndipo ndinali kuchita manyazi ndi munthu amene anagulitsa mbuzi zake kuti ine ndiphunzire.

Uwadziwe bwino amalume ako, Malita, chifukwa kumene ukupitako adzakuuza za asing'anga ngati onse ndi nyemba za m'thumba limodzi. Alipo akuba, alipo oloza anthu ufiti n'kupasula midzi, ndipo amenewo ine ndimadana nawo kuposa mmene azungu angadanire nawo. Amalume ako saombeza ula, salozera munthu mnzake, sagulitsa zithumwa za chuma. Iwo ndi wokumba basi. Ndawatsatirapo m'mphepete mwa Dzalanyama. Muzu amakumba mbali imodzi, n'kukwirira dzenje ndi manja kuti mtengo ukhale moyo. Khungwa sasenda mozungulira. Ndipo chachikulu, sanapatsepo munthu mankhwala iwo asanalawe pamaso pa wodwalayo. Akhale owawa ngati muwawani, amayamba iwo kumwa, kupukuta pakamwa, ndiye n'kupereka chikho. Atate athu ankatero, iwonso amatero. Amati munthu wopatsa mnzake chinthu chimene iye akuopa kumeza ndi mfiti, ngakhale atavala taye.

Kulakwa kwanga kwachiwiri kunali kotembenuza koyambako. Uli ndi zaka zitatu tinapita kumudzi patchuthi cha Khirisimasi, ndipo unadwala. Thupi moto, kupuma mobanika. Mvula inali itawononga msewu, ndipo ine, mphunzitsi yemwe uja wa thumba pa mkuyu, ndinagwira achimwene miyendo kuti akupatse chilichonse cha m'thumbamo. Anakuvula malaya, nayang'ana mmene nthiti zako zinkalowera mkati popuma, nati ichi ndi chibayo ndipo si chawo. Ndinalira, ndinawanena kuti akundibwezera za mkuyu. Iwo anangoti, "Aphunzitsi, mizu ili ndi malire ngati munda. Ukalima kupyola malire, walima mlandu." Anandikweza pa kaliyala iwe uli kumbuyo kwanga, ndipo pamene matope anakana njinga anaikankha mpaka kuchipatala cha ku Mitundu. Jakisoni wa kumeneko ndiye anakupulumutsa, ndipo amalume ako amanena zimenezi okha kwa aliyense wofunsa. Nawenso udzakhala ndi malire ako, mwana wanga, ngakhale utabwera ndi masatifiketi odzaza mtanga. Ukadzawafika, udzanene msanga kuti ichi si changa, munthu akadali ndi mpweya wokafikira kwina.

Ukanaganiza kuti pamenepo ndinachenjera, koma ayi. Tili m'chipatala momwemo, mayi wina wodikirira wodwala kukhitchini kwa chipatalako anandipatsa timasamba toti tikuthandize kukhosomola. Ndinawiritsa n'kuthira m'fulasiki ya tiyi, ndipo ndinkakumwetsa anamwino akatembenuka. Namwino wina wachikulire ananunkhiza fulasikiyo. Ndinkayembekeza kuti andilalatira wodi yonse ikumva, koma anakhala pabedi n'kundiuza motsitsa mawu kuti iye sangathe kuthandiza mwana ngati sakudziwa zonse zimene zikulowa m'mimba mwake, ndipo kuti mankhwala ena akakumana m'thupi amamenyana. Amene anandikalipira anali amalume ako atamva. Anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo anandifunsa dzina la masambawo, ine osalidziwa. Pamenepa gwira mawu anga: pafupifupi aliyense amene adzabwere pawindo lako kudzalandira mapiritsi adzakhala atamwapo kale kena kake kunyumba. Ukadzafunsa ndi mphuno yokwinya, adzakubisira monga ndinabisira ine. Udzafunse monga anafunsira namwino uja, utakhala pansi.

Tsopano mvetsera, chifukwa apa ndi pamene kaphukusi kako kanabadwira. Iwe uli ku koleji ku Zomba, amalume ako anadwala chifuwa. Anamwa makungwa a chitimbe, anamwa zonse zimene amadziwa, koma anangoonda mpaka lamba anasowa pobowola. Potsiriza ananditumizira uthenga kuti chifuwachi chawaposa, ndiwaperekeze kuchipatala. Atapima makhololo anapeza kuti ndi chifuwa chachikulu. Amene ankationa anali a Gondwe, amene tonse timawatcha adokotala, munthu wa kumpoto wolankhula Chichewa chokoka pang'ono. Anaika mapiritsi patebulo ndi kapu ya madzi. Amalume ako anayang'ana mapiritsi, nayang'ana a Gondwe, n'kusiya manja pamaondo osawatola. A Gondwe anafunsa chimene akudikira. Iwo anati, mwaulemu wonse, akudikira kuti adokotala ayambe alawa.

Malita, ndinafuna nthaka ing'ambike. Ndinawatsina pantchafu, ndinayamba kupepesa m'Chingerezi kuti a Gondwe awakhululukire, ndi munthu wakumudzi. Uku kunali kulakwa kwanga kwina, kulankhulira pamwamba pa mutu wa mkulu wanga m'chilankhulo chimene samva. A Gondwe anandikwezera dzanja kuti nditonthole. Sanaseke. Anakoka mpando n'kuwafotokozera kuti iwo sangamwe chifukwa sakudwala, koma kuti mankhwalawo analawidwa kale, osati ndi munthu mmodzi koma ndi anthu ambirimbiri odwala nthenda yomweyo. Anati ena amapatsidwa mankhwala atsopanowo, ena akale, ndipo pamakhala anthu ongoyang'anira: achira ndi ati, asanza ndi ati, muyeso wokwana wamkulu ndi uti, wa mwana ndi uti. Zikaoneka kuti mankhwalawo akuvulaza, amawataya ngakhale amene anawapanga atakhala wotchuka chotani.

Amalume ako anayang'ananso patebulopo. Kenaka anati, "Ndiye kuti nanunso mumalawa. Koma inu mumalawa pagulu." Anatola mapiritsi aja n'kumeza, ndipo miyezi yonse ya mankhwala ndi majakisoni sanajombepo. Anachira. Kuyambira pamenepo awiriwa anakhala pa ubwenzi umene unkandidabwitsa. A Gondwe tsiku lopuma ankapita pa njinga kumudzi kukaona mmene amalume ako amaumitsira makungwa pamthunzi, n'kumafunsa ngati mwana wa sukulu. Amalume ako nawo anaphunzira kusakaniza madzi owiritsa ndi mchere ndi shuga a mwana wotsegula m'mimba, ndipo wokhosomola nthawi yaitali akafika kwa iwo amamuloza njira ya ku Mitundu asanakhale n'komwe pansi. Ndinkawayang'ana atakhala pakhonde, wina nsapato zopolisha, wina nkhwaira za matayala, akutsutsana ndi kuseka, ndipo ndinkati mumtima dziko likanamayenda chonchi maliro akanachepa.

Koma mawu aja a muyeso wa mwana anawalowa amalume ako ngati munga. Pali kamtengo kena kakang'ono komera m'miyala cha ku Dzalanyama. Dzina lake lenileni sitilidziwa. Atate athu ankangokatcha ka ana, chifukwa muzu wake ankapatsa makanda otsegula m'mimba. Iwe unamwapo, ine ndinamwapo, theka la mudzi wathu linamwapo n'kukula. Mvula yathayi mwana wa a Nankhoma, oyandikana nawo aja, anatsegula m'mimba. Amalume ako anawiritsa muzuwo, analawa monga mwa nthawi zonse, anapereka pamodzi ndi madzi a mchere ndi shuga, nati kukacha apite naye kuchipatala. Kunacha mwana atamwalira. A Nankhoma sanawaloze chala, ndipo mudzi wonse unati ndi nthenda. A Gondwe nawo anati nthenda imeneyi imatha kutenga khanda mwamsanga chotero, koma ananena zoona kuti za muzuwo sangatsimikize mbali iliyonse, popeza palibe anaupimapo.

Nditapita kukaona amalume ako maliro atatha, ndinawapeza atakhala kuseri kwa nyumba, kakhasu kawo kokumbira katapachikidwa kudenga. Anandiuza mawu amene sanandichokebe m'mutu. Anati, "Mlongo wanga, zaka zonsezi ndakhala ndikulawa ndi mimba ya munthu wamkulu. Khanda mimba yake ndi ina. Kulawa kwangaku kunkateteza ndani?"

Kuyambira tsiku limenelo ka ana sakumbanso. Amayi amabwera ndi makanda kumsana, ena kuchokera ku Malingunde, kudzapempha muzu umene unachiritsa ana awo oyamba. Iwo amawapatsa madzi a mchere ndi shuga n'kuwauza za kuchipatala. Ena amachoka akunyinyirika kuti a Lufeyo ayamba kuumira, ena akuti mphamvu zinawathera m'chipatala muja, ndipo ena amangokhotera kwa munthu wina wa kutsidya kwa dambo amene salawa kanthu ndipo safunsa funso. Zimenezi zimawapweteka kuposa kunyozedwa. Sakudziwa ngati akuwamana ana mankhwala abwino, kapena ngati kwa zaka zonsezi ankawapatsa chinthu choopsa ndi dzanja lachikondi. Munthu wa zaka zawo, wodziwika dera lonse, kulolera kuti dzina lake litsike chifukwa chakuti sakutsimikiza, ine sindinaonepo. Ndaphunzitsa pamodzi ndi anthu ambiri ophunzira, ndipo oti angatero ndi owerengeka.

Ndiye amalume ako atamva kuti ukupita kukaphunzira kumene amalawa pagulu, anapita kwa a Gondwe kukafunsa chimene ophunzira amafuna kuti azindikire mtengo. Anauzidwa kuti muzu wokha sukwana, pamafunika masamba, maluwa ndi zipatso. Anadikira nyengo yake, anayenda ulendo wonse uja ndi chifuwa chawo chopola kumene, anaumitsa zonse pamthunzi pakati pa mapepala. Zimenezo ndi zimene zili m'kaphukusi kamene unasiya pansi pa nkhokwe. Si chithumwa chokutetezera paulendo monga unaganizira. Ndi funso, ndipo akulifunsa kwa iwe chifukwa mwa ana onse a mbumba yawo ndiwe wekha amene ukupita kumene kungapezeke yankho.

Pa wailesi masiku ano timamva kawirikawiri kuti akuluakulu a zaumoyo a m'mayiko akufuna kuti asing'anga ndi azamba aziwerengedwa, ndi kuti mankhwala a makolo azifufuzidwa mwa sayansi. Abambo ako amati ndi nkhani za m'maofesi, zothera pa tiyi ndi mabisiketi. Mwina akunena zoona. Ine ndimati ngati nkhani imeneyi ili ndi miyendo, miyendo yake ndi anthu ngati iwe, amene anamwa ka ana ali khanda ndipo mawa akukwera ndege. Mzungu angathe kupima muzu, koma sadziwa kuti umawiritsidwa motani, mumphika wotani, ndiponso kuti mayi wa kwathu akati kapu amatanthauza chiyani. Amalume ako amadziwa zonsezo koma alibe makina. Iwe udzakhala ndi zonse ziwiri ngati sutaya chimodzi panjira.

Usandimve molakwa. Sindikukutuma kuti ukateteze mizu. Ukapeza kuti muzuwo ndi wabwino, udzanene muyeso wake. Ukapeza kuti ndi madzi chabe, udzanene. Ukapeza kuti ndi woopsa kwa makanda, udzanene msanga ndipo usadzakometsere poopa kuwapweteka mtima amalume ako, chifukwa iwo anandiuza okha kuti yankho loipa angalisenze, chimene chikuwalemera ndi kusadziwa. Ndikudziwanso kuti chaka choyamba sadzakulola kukhudza makina aakulu, ndi kuti zinthu zotere zimatenga nthawi ndi anthu ambiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Udzafunse aphunzitsi ako njira yake, ndipo mmodzi akadzaseka udzapite kwa wina.

Kaphukusiko usakabise. Kumbukira fulasiki yanga. Pabwalo la ndege, kuno ndi uko, akakufunsa unene poyera kuti ndi zomera zouma zokapimitsa kusukulu. Akakulanda, akulande ukunena zoona, ndipo udzatilembere kuti tifunse njira yoyenera yotumizira zina, kamtengoko sikasamuka. Ndipo tsiku lina zikadzalembedwa m'buku, usadzalole kuti pakhale dzina la pulofesa ndi lako lokha. Padzakhale dzina la Lufeyo wa ku Mitundu, amene anakumba, ndi la atate ake amene anamuonetsa. Mitengo yathu yapita kunja yambiri, mayina a eni ake n'kugwera m'nyanja.

Ndakuuza zolakwa zanga zambiri kuti iwe ukalakwe zatsopano, usabwereze zanga. Usachite manyazi ndi kwanu. Usachitenso manyazi ndi sayansi ukadzabwera, anthu akadzayamba kukunena kuti wasanduka mzungu. Dziwa malire ako. Funsa utakhala pansi. Ndipo juzi usaiwale, ndaiika pamwamba penipeni.

Kaphukusiko sindinakaike m'sutikesi. Ndakaika pambali pake, pampando. Ndiwe wamkulu tsopano, ndipo katundu wolongedzeredwa ndi mayi ako ukhoza kukamusiyanso pansi pa nkhokwe ina kutsidyako. Ukakatenga, utenge ndi dzanja lako. Loweruka ndidzapita ku Mitundu tsiku la msika, ndipo amalume ako adzandifunsa ngati mwana anayenda bwino ndi ngati kanthu kaja kanapita. Iwo anawauza kale amayi a kumudzi aja kuti adikire, mwana wa mlongo wawo wapita nako kusukulu. Ndidzawayankha malinga ndi chimene ndidzapeze pampandopo tikabwerako ku bwalo la ndege, ndipo sindidzawanamiza.

Chinthu chimodzi chotsiriza. Ndivomere kuti ndinamasula luzi n'kusuzumiramo, ukudziwa mayi ako. Ukadzamasula nawe udzaona kuti muzu waukuluwo ndi wolumidwa kunsonga. Usaganize kuti ndi mbewa za pansi pa nkhokwe. Ndi mano a amalume ako. Ngakhale akudziwa tsopano kuti kulawa kwawo sikukwana, sakanatha kupatsa mwana wa mlongo wawo chinthu chimene iwo sanayambe alawa.

Mulungu akutsogolere, akubweze wamoyo ndi yankho m'manja.

Ndine mayi ako,
Nambewe.